Maselo a tsinde m'chiberekero cha ng'ombe ndi phindu la mlimi wa mkaka ku Dedza

Ng'ombe ya mkaka imapindulitsa mwini wake pokhapokha ikamabereka. Mkaka umatsika thole likabadwa, umachuluka kwa milungu ingapo, kenaka umayamba kuchepa mwezi ndi mwezi kufikira ng'ombeyo itaberekanso. Kwa alimi a kumapiri a Dedza, amene ambiri mwa iwo amasunga ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola la pakhomo, tsiku limene ng'ombe itatengenso bere ndi limene limalamula ndalama za fizi, feteleza ndi sopo wa chaka chamawa.

Bere latsopano limadalira chiwalo chimene mlimi sachiona ndi maso, chomwe ndi chiberekero. Pobereka chiwalochi chimatanuka, chimang'ambika m'kati ndipo chimalowedwa ndi tizilombo. Komabe pa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu chimakhala chitabwerera mwakale, chokonzeka kulandira mluza wina. Asayansi apeza kuti m'khungu la m'kati mwa chiberekero muli maselo apadera amene m'Chingerezi amatchedwa stem cells, omwe m'Chichewa angatchedwe maselo a tsinde, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndi amene ali pamtima pa ntchito yokonzayi.

Maselo a tsinde n'chiyani

Thupi la nyama iliyonse linapangidwa ndi timaselo ting'onoting'ono tosaoneka popanda maikulosikopu. Maselo ambiri ali ndi ntchito imodzi yokhazikika: ena amanyamula mpweya m'magazi, ena amapanga mkaka m'mawere, ena ndi a minofu kapena a mafupa. Maselo oterewa akakalamba kapena kuvulala amafa, ndipo pamafunika ena olowa m'malo mwawo.

Maselo a tsinde amasiyana ndi anzawo m'njira ziwiri. Choyamba, selo la tsinde likagawikana limatha kubala lina lofanana nalo, kotero kuti mbewu yake siitha. Chachiwiri, ana ake ena amasandulika n'kukhala maselo a ntchito zosiyanasiyana malinga ndi zimene thupi likufuna pa nthawiyo. Mlimi amene amamweta nsenjere amaudziwa mchitidwe wofanana ndi umenewu. Akadula udzuwo n'kusiya zitsa, umaphukiranso kuchokera pansi, koma chitsa chikaola kapena kuzulidwa, pamalopo pamatsala dazi.

Pali magulu awiri akuluakulu a maselowa. Loyamba ndi la maselo a m'mluza wa masiku ochepa, amene angathe kusandulika kukhala chiwalo chilichonse cha thupi. Asayansi anayamba kuwasunga mu labotale m'chaka cha 1981 kuchokera ku mbewa, mu 1998 kuchokera kwa anthu, ndipo mu 2018 gulu la Pablo Ross pa yunivesite ya California ku Davis linalengeza njira yodalirika yosungira a ng'ombe. Gulu lachiwiri ndi la maselo opezeka m'thupi la nyama yobadwa kale, monga m'mafuta a m'mafupa, pakhungu, m'matumbo ndi m'chiberekero. Amenewa amasandulika kukhala mitundu yochepa chabe ya maselo, ndipo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza chiwalo chimene akukhalamo. Maselo a m'chiberekero cha ng'ombe ali m'gulu lachiwirili.

Mmene chiberekero cha ng'ombe chinapangidwira

Chiberekero cha ng'ombe chili ndi khomo lolimba, thunthu lalifupi, ndi nthambi ziwiri zopindika ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Nthambi iliyonse imalumikizana ndi kathumba ka mazira ka mbali yake kudzera m'kanjira kopyapyala. Kawirikawiri thole limakulira m'nthambi ya mbali imene dzira linachokera.

Khoma la chiberekero lili ndi magawo atatu. Kunja kuli kakhungu kosalala, pakati pali minofu imene imakankha thole pobereka, ndipo m'kati muli khungu lofewa lotchedwa endometrium. Pakhungu la m'katili pali timinofu totumphuka tonga mabatani, totchedwa caruncles, tomwe timakhala pafupifupi 100 ndipo tinandanda m'mizere inayi m'nthambi iliyonse. Ng'ombe ikatenga bere, nsengwa imamatirira pa mabatani amenewa, ndipo kudzera pamenepo thole limalandira chakudya ndi mpweya kuchokera kwa mayi wake. Aliyense amene anaonapo nsengwa ya ng'ombe itagwa pansi anaona timadontho tofiira tozungulira. Timenetu ndi malo amene inagwirana ndi mabataniwo.

Pakati pa mabataniwa pali timachubu tambirimbiri totulutsa timadzi todyetsa mluza. Mluza wa ng'ombe umalowa m'chiberekero pa tsiku la 4 kapena la 5 dzira litakumana ndi umuna, koma suyamba kumatirira kukhoma kufikira patapita milungu pafupifupi itatu. Nthawi yonseyi umakhala ndi moyo chifukwa cha timadzi timeneti. Chapakati pa tsiku la 15 ndi la 17 mluza umatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa interferon tau, amene amadziwitsa khungu la chiberekero kuti bere lakhala. Uthengawu ukalephera kumveka, khungulo limatulutsa homoni ya prostaglandin F2 alpha, bere limalephereka ndipo ng'ombe imayambanso nyere. Choncho khungu lovulala kapena lotupa limalephera ntchito ziwiri nthawi imodzi, yodyetsa mluza ndi yomva uthenga wake.

Ng'ombe sizisamba monga amachitira amayi. Zimachita nyere masiku 21 alionse, ngakhale kuti zina zimatenga masiku 18 ndipo zina 24, ndipo pa kuzungulira kulikonse khungu la chiberekero limakhuthala ndi kuphwa motsatira mahomoni a estrogen ndi progesterone. Timagazi timene nthawi zina timaoneka kumchira patatha tsiku limodzi kapena atatu nyere itatha timangosonyeza kuti nyere yadutsa. Sitisonyeza kuti ng'ombe yatenga bere kapena ayi.

Zimene zimachitika thole likabadwa

Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 282. Pofika tsiku lobereka chiberekero chimakhala chitakula kwambiri. H. T. Gier ndi G. B. Marion a ku Kansas, m'dziko la America, anafalitsa mu 1968 zotsatira za miyeso yawo: chiberekero cha ng'ombe ya mkaka chimalemera pafupifupi makilogalamu 9 ikangobereka, chimatsika kufika pa kilogalamu imodzi pakatha masiku 30, ndipo chimapitiriza kuchepa pang'ono mpaka tsiku la 50.

Kubwerera kumeneku kumayenda motsatana. Nsengwa imayenera kutuluka pasanathe maola 12, ndipo ikapitirira maola 24 imatengedwa kuti yatsalira. M'masiku otsatira mitsempha ya magazi yopita ku mabatani aja imatsekeka, mitu ya mabataniwo imafa n'kusupuka, ndipo pofika cha m'ma tsiku la 12 mpaka 15 imakhala itachoka. Zidutswa zake pamodzi ndi magazi ndi madzi otsalira zimatuluka ngati uve wofiirira umene mlimi amauona kwa milungu iwiri kapena itatu. Uve umenewu ukakhala wosanunkha ndipo ng'ombe ikudya bwino, ndi chizindikiro chakuti thupi likudziyeretsa.

Pamene mabatani asupuka pamatsala zilonda zosaphimbika pafupifupi 100. Maselo atsopano amayamba kukwawa kuchokera m'mphepete mwa chilonda chilichonse ndi m'timachubu toyandikana nacho, ndipo pofika tsiku la 25 mpaka 30 zilondazo zimakhala zitaphimbika. Magawo akuya a khungulo amatsiriza kuchira pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8. Ng'ombe yosamalidwa bwino imabwereza ntchito imeneyi pa bere lililonse kwa zaka zambiri popanda kutsala ndi zipsera zolepheretsa bere lina. Luso lodzikonza mobwerezabwereza chotere ndi limene linachititsa asayansi kuganiza kuti m'chiberekero muyenera kukhala nkhokwe ya maselo a tsinde.

Mbiri ya kafukufuku

Umboni woyamba wakuti maselo a tsinde alipodi unachokera kwa James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto, m'dziko la Canada, amene mu 1961 anaonetsa kuti m'mafuta a m'mafupa a mbewa muli maselo obala mitundu yosiyanasiyana ya maselo a magazi. Patapita zaka zochepa Alexander Friedenstein wa ku Moscow anapeza m'mafuta omwewo mtundu wina wa maselo umene umamatirira pa mbale ya mu labotale ndipo umatha kupanga fupa. Mu 1991 Arnold Caplan wa ku America anawapatsa dzina lakuti mesenchymal stem cells, limene limafupikitsidwa kuti MSC.

Mu 2006 bungwe la International Society for Cellular Therapy linaika miyeso itatu yozindikirira ma MSC. Maselowo ayenera kumatirira pa mbale ya pulasitiki. Ayenera kukhala ndi zizindikiro zina pakhungu lawo, zotchedwa CD73, CD90 ndi CD105, ndipo asakhale ndi zizindikiro za maselo a magazi monga CD45. Pomaliza, akapatsidwa mankhwala oyenera ayenera kusandulika kukhala maselo a fupa, a mafuta ndi a chicherewechere. Miyeso imeneyi inalembedwera maselo a anthu, koma ofufuza za ziweto amaitsatiranso.

Za chiberekero, kafukufuku anayambira kwa anthu. Mu 2004 gulu la Caroline Gargett pa yunivesite ya Monash ku Melbourne, m'dziko la Australia, linaonetsa kuti mwa maselo ambirimbiri a khungu la chiberekero cha mayi, ochepa kwambiri amatha kubala gulu lalikulu la maselo kuchokera ku selo limodzi. Chaka chomwecho Hugh Taylor wa pa yunivesite ya Yale anapeza kuti amayi amene anaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina anali ndi maselo a wopereka uja m'chiberekero mwawo. Izi zinasonyeza kuti ena mwa maselo okonza chiberekero angathe kuchokera m'mafupa n'kuyenda m'magazi.

Ng'ombe zinatsatira. Mu 2008 Gaetano Donofrio ndi anzake a pa yunivesite ya Parma ku Italy anaonetsa kuti maselo otengedwa m'khungu la chiberekero cha ng'ombe angathe kusandulika kukhala maselo a fupa mu labotale. Chiberekero sichipanga mafupa, choncho luso lotere linali chizindikiro chakuti muli maselo amene sanakhazikike pa ntchito imodzi. Mu 2014 gulu la Fidel Ovidio Castro pa yunivesite ya Concepción ku Chile linafotokoza za maselo onga ma MSC m'chiberekero cha ng'ombe zopanda bere, ndipo ofufuza a ku Brazil, Poland ndi Spain anapeza zofanana m'zaka zotsatira. Kawirikawiri maselowa amatengedwa m'ziberekero za ng'ombe zophedwa ku malo ophera nyama, kapena podula kachidutswa kakang'ono ka khungu mwa ng'ombe yamoyo.

Ntchito ya ma MSC ili pawiri. Mbali ina amabala maselo olowa m'malo mwa amene afa. Mbali ina, yomwe ofufuza ambiri tsopano amaiona kuti ndi yaikulu, amatulutsa mankhwala achilengedwe amene amachepetsa kutupa, amathandiza kumera kwa timitsempha ta magazi tatsopano ndi kuongolera asilikali a m'thupi kuti asapitirize nkhondo tizilombo titagonja kale.

Pamene tizilombo talowerera

Pobereka khomo la chiberekero limatseguka, ndipo mabakiteriya a m'ndowe ndi pakhungu amalowa. M'milungu iwiri yoyamba pafupifupi ng'ombe zonse zimakhala ndi mabakiteriya m'chiberekero. Zambiri zimawagonjetsa zokha. Zina zimalephera, ndipo zimadwala m'njira zimene Martin Sheldon ndi anzake anazilongosola mu 2006, malongosoledwe amene madokotala a ziweto amatsatira mpaka lero.

Nthenda yoyamba ndi metritis, yomwe imagwira pasanathe masiku 21, makamaka m'masiku 10 oyamba. Ng'ombe imatulutsa madzi ofiirira onunkha kwambiri, thupi limatentha kupitirira madigiri 39.5, imasiya kudya ndipo mkaka umatsika. Ikachedwa kuthandizidwa ingathe kufa. Yachiwiri ndi endometritis, imene imaoneka pakatha masiku 21: ng'ombe imadya ndi kuyenda bwinobwino, koma imatulutsa mafinya kapena chikazi chosakanikirana ndi mafinya. Yachitatu ndi yobisika, yopanda chizindikiro chilichonse kunja, ndipo imadziwika pokhapokha maselo a m'chiberekero akaunikidwa mu labotale. Mabakiteriya odziwika kwambiri pa matendawa ndi Escherichia coli, Trueperella pyogenes ndi Fusobacterium necrophorum. M'makola a ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri ku Ulaya ndi ku America, ng'ombe 15 mpaka 20 mwa 100 zilizonse zimapezeka ndi endometritis yooneka ndi maso.

Mu 2017 Evelyn Lara ndi anzake a ku Chile anayerekeza maselo a tsinde a ng'ombe zongobereka kumene za magulu atatu: zathanzi, za endometritis yobisika, ndi za endometritis yooneka. Maselo a magulu awiri oyamba anatha kusandulika kukhala a fupa, a chicherewechere ndi a mafuta. A ng'ombe za mafinya analephera kusandulika kukhala a mafuta. Ofufuzawo atathira maselo athanzi mankhwala a prostaglandin E2, amene amachuluka m'chiberekero chotupa, kagwiridwe ka ntchito ka majini oposa 1,000 kanasintha. Ng'ombe zimene zinaunikidwa zinali zochepa, 13 zokha, koma phunziro lake ndi lomveka: nthenda ya chiberekero imafika mpaka ku maselo amene amayenera kuchikonza.

Izi zikugwirizana ndi zimene madokotala a ziweto akhala akuona kwa zaka zambiri, kuti ng'ombe imene inadwala chiberekero imachedwa kutenga bere ngakhale mafinya atauma kale, ndipo imafuna kuikidwa umuna kangapo.

Mmene nkhaniyi ikukhudzira Dedza

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndi imodzi mwa malo ozizira kwambiri m'Malawi. Nyengo yotere imayanja ng'ombe za mitundu ya Holstein-Friesian ndi Jersey, zimene zimavutika m'madera otentha a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Msewu wa M1 umalumikiza bomali ndi msika wa mzinda wa Lilongwe, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Alimi amasonkhanitsa mkaka m'magulu monga Chitsanzo ndi Dzaonewekha, pansi pa bungwe la alimi a mkaka a m'chigawo chapakati la CREMPA, ndipo makampani opanga zamkaka amadzautenga utaziziritsidwa.

Ulimi wa mkaka wa alimi ang'onoang'ono m'Malawi unayamba kukhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mozungulira mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Pambuyo pake mabungwe monga Land O'Lakes ndi Heifer International anagawa ng'ombe m'njira ya patsirana, m'mene wolandira ng'ombe amabweza ngongole popereka thole lalikazi loyamba kwa mnzake. M'dongosolo lotere ng'ombe ikachedwa kubereka, amene amadikira si mwini wake yekha. Banja lotsatira pa mndandanda nalo limadikira.

Kafukufuku wa Liveness Banda ndi anzake, amene anafalitsidwa mu 2012, anapeza kuti alimi 94 mwa 100 alionse amasunga ng'ombe zawo za mkaka m'khola n'kumazipatsira chakudya momwemo. Anapezanso kuti pakati pa thole ndi thole linzake pamadutsa masiku 405 mpaka 549, ndipo anatchula kuperewera kwa chakudya, makola osalongosoka ndi kuvuta kwa thandizo la umuna ndi la zaumoyo wa ziweto ngati zina mwa zifukwa zake.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti ng'ombe ibereke chaka ndi chaka, pa masiku 365 pamachoka 282 a bere, n'kutsala masiku 83. Mwa amenewa, 40 mpaka 50 amapita ku kuchira kwa chiberekero. Pamatsala mwayi wa nyere ziwiri zokha, mwinanso imodzi. Chiberekero chikachedwa kuchira ndi milungu itatu, kapena mlimi akaphonya nyere, kapena woika umuna akafika mochedwa, chaka chimadutsa. Ng'ombe yobereka pa masiku 549 alionse imatayitsa mwini wake miyezi isanu ndi umodzi pa bere lililonse, nthawi imene imadya ndi kumwa monga mwa masiku onse koma mkaka uli wochepa kapena utaumiratu.

Walira mvula walira matope. Ng'ombe zachizungu zimapereka mkaka wochuluka kuposa ng'ombe zamakolo za mtundu wa Malawi Zebu, koma thupi lake limafuna zambiri. Zikangobereka, mkaka umatenga mphamvu zochuluka kuposa zimene zimapeza m'chakudya, ndipo zimayamba kusungunula mafuta a m'thupi. Pa nthawi imeneyi asilikali a m'magazi amafooka. Ku Dedza vutoli limakula kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, pamene nsenjere yauma, mapesi atha mphamvu ndipo madeya akwera mtengo. M'dzinja vuto limasintha nkhope: makola a dothi amasanduka matope osakanikirana ndi ndowe, ndipo ng'ombe yongobereka kumene imagona m'menemo khomo la chiberekero lisanatsekeke.

Maselo a tsinde ngati mankhwala

Popeza ma MSC amachepetsa kutupa ndi kuthandiza zilonda kupola, ofufuza akuyesa kuwagwiritsa ntchito ngati mankhwala. Pa ziweto ntchitoyi inapita patsogolo kwambiri pa akavalo, chifukwa eni ake amatha kulipira ndalama zambiri. Mu 2019 mayiko a European Union anavomereza mankhwala oyamba a ziweto opangidwa ndi maselo a tsinde, otchedwa Arti-Cell Forte, ochizira kutupa kwa mfundo za miyendo ya akavalo. Ku Brazil ofufuza anathira ma MSC otengedwa m'mafuta m'ziberekero za akavalo aakazi okhala ndi zipsera, ndipo anapeza kuti maselowo anakhazikika m'khungu la chiberekero.

Pa ng'ombe, chithandizo chotere chidakali pa mlingo wa kafukufuku. Kulera maselo kumafuna labotale yaukhondo kwambiri, magetsi osathimathima, makina osunga kutentha kofanana ndi kwa thupi, komanso nayitirojeni wamadzi wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, yemweyo amene amasungira umuna wa nkhunzi. Mtengo wa zonsezi ungapose phindu la ng'ombe imodzi. Chimene chimakopa asayansi ndi chiyembekezo chochepetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki, amene amatsalira mu mkaka komanso amene mabakiteriya akuyamba kuwapima. Munthu aliyense woyenda m'midzi ndi botolo limene akuti ndi la maselo a tsinde ochiza kusabereka kwa ng'ombe ayenera kukayikiridwa.

Mankhwala amene alipo pakali pano ndi odziwika. Ng'ombe ya metritis imabayidwa maantibayotiki ndi mankhwala otsitsa kutentha kwa thupi. Ya endometritis imathiridwa mankhwala m'chiberekero kapena kubayidwa jakisoni wa prostaglandin, amene amabweretsa nyere ndi kuthandiza chiberekero kutulutsa mafinya. Jakisoni ameneyu amachotsa bere, choncho amabayidwa ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto atatsimikiza kuti ng'ombe ilibe bere. Mkaka wa ng'ombe yolandira maantibayotiki suyenera kupita ku gulu kapena kumwedwa pakhomo kufikira masiku olembedwa pa botolo atakwana.

Zimene zimateteza chiberekero

Zinthu zimene zimaika ng'ombe pa chiopsezo cha matenda a chiberekero zimadziwika bwino: kubereka movutikira, mapasa, thole lobadwa lakufa, kupoloza, nsengwa yotsalira, kuchepa kwa kashiamu m'magazi, ndi uve wa pamalo oberekera. Zambiri mwa izi zimapeweka m'khola.

M'mera mpoyamba. Chisamaliro chimayamba ng'ombe isanabereke, poisiya kukama kwa masiku pafupifupi 60 omaliza a bere kuti thupi lipume. Iyenera kufika tsiku lobereka ili ndi thupi labwino, yosaonda komanso yosanenepa mopitirira. Udzu wofutsa, masamba a mtedza ndi a nyemba osungidwa pa nthawi yokolola, madeya, mchere wa ziweto wokhala ndi selenium, ndi madzi okwanira zimathandiza kudutsa chilimwe. Posankha umuna, ng'ombe yaing'ono thupi kapena yobereka koyamba imayenera nkhunzi yobereka mathole ang'onoang'ono monga Jersey, chifukwa thole lalikulu la Holstein lingang'ambe njira.

Malo oberekera akhale ouma, oyalidwa udzu watsopano. Ng'ombe zambiri zimabereka zokha, ndipo kufulumira kukoka thole kumavulaza. Pakafunika thandizo, wothandiza asambe m'manja ndi sopo mpaka m'mapewa, asambitse ng'ombe kumaliseche, ndipo avale magolovesi. Magolovesi amatetezanso munthu, chifukwa nthenda ya brucellosis, imene imapolozetsa ng'ombe ndipo inapezekapo mwa ng'ombe za mkaka kumpoto kwa Malawi, imapatsira anthu kudzera m'nsengwa, m'madzi a pobereka ndi mu mkaka wosawiritsa. Nsengwa ndi thole lopolozedwa zikwiriridwe mozama kuti agalu asafukule.

Nsengwa ikatsalira, chizolowezi chomangirira mwala kapena kuikoka ndi mphamvu chimang'amba mabatani ndi khungu la pansi pake, malo amene khungu latsopano liyenera kuphukira. Madokotala a ziweto masiku ano amalangiza kudula mbali yolendewera kuti isakhudze ndowe, kuyeza kutentha kwa thupi tsiku lililonse, ndi kupereka mankhwala ng'ombe ikayamba kutentha kapena kusiya kudya. Nsengwa yambiri imagwa yokha pasanathe masiku 10. Kuthira m'chiberekero mankhwala ochapira, madzi a sopo kapena zitsamba zoyabwa kumapsereza khungu lomwe likuchira.

M'masiku 10 oyamba mlimi ayang'ane zinthu zitatu m'mawa uliwonse: kadyedwe, fungo la zotuluka, ndi kutentha kwa thupi, komwe kwa ng'ombe yathanzi kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Pakatha milungu itatu kapena inayi ndi bwino kuti mlangizi wa ziweto aione ngati ikutulutsabe mafinya. Kuika umuna pasanathe masiku 45 mpaka 60 kawirikawiri kumangotaya ndalama, chifukwa khungu limakhala lisanatsirize kuchira. Nyere ikaoneka m'mawa umuna uikidwe madzulo a tsiku lomwelo, ndipo ikaoneka madzulo uikidwe m'mawa mwake. Chikazi cha nyere chiyenera kukhala choyera ngati dzira losaphika. Chikakhala ndi timadontho ta mafinya, ng'ombe ifunika chithandizo choyamba.

Zonsezi zimayenda bwino pakakhala kabuku kolembamo tsiku lobereka, tsiku limene nsengwa inagwa, masiku a nyere, tsiku loika umuna ndi dzina la nkhunzi. Alangizi a nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, komanso madokotala a ziweto amene yunivesite ya LUANAR ikuphunzitsa, amatha kuzindikira msanga ng'ombe imene chiberekero chake chikuchedwa kuchira akaona masiku olembedwa m'kabukuko. Ng'ombe imene yapitirira masiku 60 osaonetsa nyere, kapena imene yaikidwa umuna katatu osatenga bere, iyenera kuunikidwa mwini wake asanalipirenso umuna wina.